Dona Wakwana Makilo Naini

Kampando kanafika m'nyumbamo mwana asanabadwe. Mng'ono wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, miyendo itatupa, alibe ngakhale beseni losambitsiramo khanda, pamene mwamuna wake anatulukira pakhomo atasenza katoni, akumwetulira mpaka usinini kuonekera. M'katonimo munali kampando kapulasitiki kabuluu komangirira kumbuyo kwa njinga, kokhala ndi malamba ndi popondetsa timapazi. Munalinso kachisoti kachikasu, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Matewera ndiye anakumbukiridwa mwezi wotsatira.

Zimenezi anachita kundiuza pafoni mng'ono wangayo, akuseka kuseka kuja kwa munthu amene misozi ili pafupi. Ine ndinabwera sabata imene anachira, ati kudzathandiza masabata atatu okha. Masabata atatuwo anasanduka miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa mayi wa mwana anabwerera kuntchito yake yogulitsa mankhwala ku famase, ndipo ine, amene ana anga anayi anakula n'kumwazikana, ndinalibe chondithamangitsira kwathu. Ndinkagona pabalaza, pansi pa njinga ya alamu anga.

Ee, pansi pa njinga. Njinga imeneyo sigona panja ngati njinga za anthu ena. Imapachikidwa pakhoma la pabalaza, pamalo pamene anthu a mitu yabwinobwino amapachika chithunzi cha ukwati. Chithunzi cha ukwaticho chili kuseri kwa kabati, chikudya fumbi. Ine ndikatsegula maso m'mawa, choyamba kuona anali masipoko, onyezimira kuposa mapoto a m'nyumbamo.

Alamu angawo anzawo amawatchula kuti a Makilo. Amagwira ntchito pakampani yotumiza katundu, ndipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo chawo n'chimodzi: kuika katoni pasikelo, kuwerenga nambala, kumata kapepala, wina abwere. Zaka khumi ndi ziwiri akuchita zomwezo. Amadzitama kuti akangonyamula phukusi amadziwa kulemera kwake sikelo isanayankhule, ndipo ndisawanamizire, salakwitsa. Vuto n'lakuti kwa iwo dziko lonse ndi katundu. Ukawauza kuti uje wadwala, safunsa kuti akudwala chiyani, amafunsa kuti watsika makilo angati.

Tsono pakatoni ya kampando paja panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti mwana wokwerapo akhale wa makilo naini kupita m'tsogolo. A Makilo anawerenga mzere umenewo, mtima wawo n'kukhala pansi. M'munsi mwake munali timalemba tina tating'ono, tonena kuti mwanayo akhale woti amatha kukhala tsonga yekha, ndiponso khosi lake lizitha kunyamula mutu ndi chisoti chomwe. Ndinawalozera ndi chala changachi.

"Timalemba timeneto ndi ta maloya, alamu," anatero. "Nambala ndiye sinama."

Kuyambira tsiku limene mwana anatuluka kuchipatala, m'nyumbamo munayamba chipembedzo chatsopano. A Makilo anabweretsa sikelo yakale imene kuntchito kwawo ankafuna kutaya, n'kuikhazika pafupi ndi firiji. Madzulo alionse akaweruka, asanavule ngakhale nsapato, ankaika beseni pasikelopo n'kundiitana.

"Alamu, tamuikani."

Ine ndinkamuika mwana m'beseni, iwo n'kunyonyomala, kutsinzina diso limodzi, kuwerenga, kenako kukalemba papepala limene anamata kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Akamaliza: "Alamu, tamuchotsani." Basi, wina abwere.

Mwanayo tinkamutchula kuti Dona, chifukwa cha kagonedwe kake m'besenimo, mimba kutsogolo, maso akutiyang'ana ngati antchito ake. Pa nkhani ya kuyamwa sankanyengerera munthu. Masaya anali awa, ntchafu zopindikapindika, moti anthu akabwera ankafunsa ngati wayamba kukwawa. Kukwawa kwake kuti? Thupi linathamanga, koma khosi linatsalira m'mbuyo. Ukamukhazika pamatiresi n'kuchotsa dzanja, ankayamba wakuyang'ana kaye, kenako n'kumapendekera pang'onopang'ono mpaka khu! papilo, akuseka. Akayamba kuwodzera ndiye mutu unkangoti lende, ngati si wake.

Bambo ake zimenezi sankaziona, chifukwa sikelo siyeza khosi. Iwo anali otanganidwa ndi zoyeserera. Anati sangaike mwana wawo pachinthu chosayesedwa, ndiye anatenga thumba, kuthiramo mchenga wolemera ndendende ngati Dona, kulimanga pakamwa ndi chingwe, kulikhazika pakampando, kulimangirira malamba, n'kuliveka kachisoti kachikasu kaja. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankazungulira nalo mizere yonse ya nyumba za m'dera lathu. Dona akakwera magalamu handiredi, thumbanso linkawonjezeredwa mchenga ndi supuni yanga yotakasira tiyi.

Anthu a mumsewu wathu sasowa chowasangalatsa. Mayi wa pagolosale ya pakona ankawakuwira m'mawa uliwonse kuti, "Mwana wadzuka bwanji lero, a Makilo?" Iwo, osadziwa kuti akusekedwa, ankayankha akupalasa: "Wafika seveni ndi theka!" Akabwerako ankatipatsa lipoti. Thumba silinagwe. Thumba silinasunthe pa hampu ya kusukulu. Thumba ladutsa bwino pamaenje a kumsika.

"Alamu," ndinawafunsa tsiku lina, "thumbalo lili ndi khosi?"

"Chogwira ndi malamba, alamu, osati khosi."

Chimene chinkawathamangitsa chinali gulu lawo. Loweruka lililonse amapalasa ndi azibambo anzawo, anthu a mimba zawo ndithu, atavala zothina zoti ngakhale mwana wasukulu angachite nazo manyazi. Gululi linakonza tsiku la mabanja, loti aliyense abwere ndi mwana kumbuyo kwa njinga, akazungulire, akajambulitse. Ana a anzawowo anali a zaka zitatu, zinayi, oti amatha kunena kuti ababa imani ndikufuna kukodza. A Makilo ankati, "Wanga adzakhala wamng'ono kuposa onse," ngati pali chikho chimene amapereka kwa munthu wopanda nzeru kuposa anzake.

Lachinayi madzulo, kutatsala masiku awiri, sikelo inawachitira chifundo. Ndinamuika Dona m'beseni, iwo ananyonyomala, kenako anadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Naini! Alamu, naini ndendende!"

"Thewera lanyowa ilo," ndinatero. "Mkodzowo mwachotsera?"

"Kuntchito timayeza katundu ndi katoni yake yomwe. Nanga panjingapo akakwera wopanda thewera?"

Ndinawayang'ana, ndinayang'ananso Dona, amene anali atapendekera kale, tsaya lili pamlomo wa beseni, akuyamwa chibakera.

Mng'ono wanga anafika cha m'ma sikisi, ataimirira tsiku lonse kuseri kwa kauntala, mapazi akumuwotcha. Nkhaniyo anaimvera pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Bambo a Dona, tinakambirana kale. Anamwino kusikelo anati tidikire akwanitse kaye chaka, azikhala yekha, khosi lilimbe. Si nkhani ya makilo iyi."

"Anamwinowo anapalasapo njinga?"

"Kaya, koma makosi a ana amawadziwa."

"Kampandoka anapanga ndi akatswiri, mayi a Dona. Ndakayesa miyezi inayi. Ngozi ziro."

"Mwakayesa ndi mchenga! Ndati ayi."

"Ndamva."

"Ndamva" ameneyo ndimamudziwa bwino. Malemu bambo a ana anga analinso naye wawo. Amatanthauza kuti mawu alowera khutu ili, atulukira linali, ndipo panjira sanagunde kanthu.

Mng'ono wanga ananditsatira kukhitchini, n'kutseka chitseko. Maso anali atafiira. "Achemwali, Loweruka ndili pa shifiti ya m'mawa. Ndapempha mnzanga kuti tisinthane, wakana. Chonde, mwanayu asakwere chinthu chija. Ndakusiyirani inu."

Ndisaname, ndinachita mantha. Ndinkaona m'maganizo kamutu kaja kakugwedezeka pamaenje a kumsika, chisoti chitatseka mphuno, bambo ake ali kutsogolo akuimba mluzu.

Lachisanu ndinayamba nkhondo yanga, ndipo inali nkhondo yopusa. Iwo atapita kuntchito ndinakwera pampando n'kuphwetsa matayala onse awiri. Atabwera anangotenga pampu, mphindi zitatu matayala ali gwa, n'kunena kuti mwina kwatentha kwambiri lero. Kachisoti ndinali nditakabisa pansi penipeni pa dengu la zovala zochapa. Anafunafuna m'makabati, pansi pa bedi, kenako ananyamula denguli kuti alisunthe, n'kuima chilili.

"Dengu ili lalemera," anatero.

Abale, munthu wotere ungamubisire chiyani? Anapisa dzanja, kachisoti kanatuluka ndi sokosi pamwamba. Anachotsa sokosiyo mwaulemu, kupukuta kachisotiko ndi malaya awo, n'kundiyang'ana. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Alamu, ine ndimakulemekezani, ndipo mwatithandiza kwambiri. Koma mwanayu ndi wanga, ndipo nyumba ino ndi yanga."

Anandilasa pamtima. Paja mlendo ndi mame. Miyezi isanu ndi umodzi ndikuchapa matewera, ndikuyenda ndi mwana wawo pabalaza msana ukuphwanya, lero n'kukumbutsidwa kuti ndimagona pansi pa njinga ya eni ake. Ndinaganiza zodzamubereka Dona m'mawa n'kukabisala naye kwa mayi wa pagolosale mpaka gulu lija litapita. Koma Loweruka silitha, likapita ili kumabwera lina, ndipo ine sindidzakhala m'nyumbamo mpaka kalekale. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Loweruka mng'ono wanga ananyamuka hafu pasiti eyiti. Pakhomo anatembenuka n'kundiyang'ana. Mwamuna wake anamuperekeza ndi "muyende bwino" wokoma ngati wa m'busa, ndipo geti litangotsekeka anathamangira kuchipinda kukavala.

Anatuluka atavala zothina zawo, malaya ofiira atsopano a gulu, magalasi akuda pachipumi, ndi nsapato zija zolira kho kho kho pasimenti. Anatsitsa njinga pakhoma, kumangirira kampando, kukoka lamba aliyense kawiri. Thumba la mchenga analiimika pakona, n'kulisisita pang'ono ngati akulithokoza. Ine ndinali pasofa ndikumumwetsa Dona botolo lake, ndikuyang'ana wotchi. Mwanayo akamwa mkaka wa naini koloko sachedwa kuwodzera, tsiku lililonse, ngakhale kunja kugwe mabomba. Zimenezi papepala la kuseri kwa chitseko panalibe.

Belu la njinga linalira kugeti. Anali anzawo awiri, wina wamtali wadazi amene amamutchula kuti Tcheyamani, wina wamfupi, ali ndi kamtsikana ka zaka zinayi kumbuyo, kakudya nthochi.

"Alamu, tamuikani," anatero a Makilo, atagwira njinga pakati pa balaza.

"Ndimuika. Koma mundichitire chinthu chimodzi, ndipo mukandichitira sindidzayankhulanso. Musakwere kaye. Muikankhe njingayi kuchokera pano mpaka pageti, mukuyenda pambali, maso ali pamwana. Miyezi inayi yonseyi thumba lija mwakhala mukulipatsa msana. Lero muone kaye zimene zimachitika kumbuyo kwanu."

Anaseka. "Zomwezo basi? Mamita teni okha amenewo."

Ndinamukhazika Dona pakampando. Kunena zoona ndinkadzida. Mng'ono wanga anati asakwere, ndipo ndine ndinkamumangirira malamba. Kathupi kanadzaza bwino pampandopo, makilo naini onse, ndipo a Makilo anandiyang'ana ndi nkhope ya kuti mwaona. Ndinamuveka kachisoti. Nthawi yomweyo kanatsetserekera kutsogolo mpaka pansidze. Dona anayasamula, maso anayamba kuchepa.

"Tiyeni," ndinatero, dzanja langa lili pafupi ndi khutu lake, losamukhudza.

Anakankha. Pabalaza pamayenda bwino, simenti yake ndi yosalala, koma tisanafike pakhomo mutu unali utayamba kale kuwerama. Chisoti chinatseka maso, chibwano chinatsikira pachifuwa, ndipo kupuma kwake kunasintha, kunayamba kumveka ngati madzi odutsa mupaipi yotsekeka. A Makilo anasiya kumwetulira.

"Akuchita chiyani?"

"Akugona. Ana amagona panjinga, alamu. Pitirizani."

Pakhomo pathu pali kasitepe kakang'ono, kutalika kwake zala ziwiri, koti munthu sakaona n'komwe. Tayala lakutsogolo linatsika. Lakumbuyo litangoti gu, mutu wa Dona unaponyekera kumbali, chisoti ndi zonse, n'kugwera m'dzanja langa. Malamba anagwira ntchito yawo bwinobwino: chifuwa sichinasunthe, chiuno sichinasunthe. Chimene chinalibe lamba ndi chimene chinapita.

"Mayo!" anakuwa a Makilo. Sindinkadziwa kuti ali ndi mawu oterowo.

"Kameneka ndi kasitepe ka pakhomo panu," ndinatero. "Hampu ya kusukulu sitinafikeko. Bweretsani dzanja."

Ndinagwira dzanja lawo, kulilowetsa pansi pa tsaya la mwana, n'kuchotsa langa. Mutu wonse unakhala m'chikhatho chawo. Anaima atapindika, njinga itatsamira ntchafu yawo, osatha kuisiya, osathanso kusiya mwana. Tcheyamani anaona, anagwetsa njinga yake pageti n'kuthamanga kudzagwira mahandulo.

"Mchotseni, alamu, mchotseni msanga!"

Ndinamasula kachisoti, ndinamasula malamba onse, kenako ndinabwerera m'mbuyo n'kupinda manja kumsana.

"Ndamasula. Mnyamuleni."

"Alamu!"

"Mwanayu ndi wanu. Munanena dzulo."

Ndinanena dala kuti ziwapweteke, ndipo zinawapweteka. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti agwire moto. Thukuta linali likutsika m'mbali mwa magalasi aja. Kenako analowetsa dzanja lina kumsana kwa mwana, pang'onopang'ono, atasiya kupuma, n'kumukweza. Munthu woponya makatoni a makilo fifite m'lole tsiku ndi tsiku ananyamula mwana wake ngati mbale yodzaza ndi mafuta otentha. Anangokhala pansi pakasitepe pomwepo, zothina zikulira m'misoko. Dona anatsegula diso limodzi, anaona kuti palibe chachilendo choti n'kudzukira, anakwirira nkhope m'malaya ofiira aja n'kupitiriza tulo.

Tcheyamani anatsamiritsa njinga pakhoma, akupukusa mutu. "Koma a Makilo, mwanayu ali ndi miyezi ingati?"

"Sikisi," ndinayankha ine.

"Sikisi! Inu munkangoti wakwana naini, wakwana naini, ife tinkayesa miyezi, ndipo ngakhale pamenepo tinkati mwafulumira."

Wamfupi uja anakuwa ali pageti pomwepo: "Wangayu ndinayamba naye ali ndi chaka ndi miyezi itatu, ndipo mayi ake ankathamanga pambuyo msewu wonse akunditukwana!" Kamtsikana kake kanaseka, nthochi ili m'kamwa.

"Tidikire?" anafunsa Tcheyamani.

A Makilo anapukusa mutu pang'ono kwambiri, kuopa kugwedeza mwana. Anzawo anakwera njinga zawo n'kumapita, mabelu akulira mpaka kukona.

Tinatsala awiri, atatu ndi wogonayo. Ine ndinali nditakonzeka. Ndinali ndi ulaliki wathunthu pakamwa, wa timalemba ta maloya, wa anamwino osapalasa njinga, wa supuni yanga ya tiyi. Ndinaima pamwamba pawo, manja m'chiuno, ndikusankha poyambira. Iwo sanandiyang'ane. Maso anali pamutu wa mwana, chala chawo chachikulu chikuyenda pang'onopang'ono kuseri kwa khutu lake.

"Kamutuka kamalemera chonchi?" anatero motsitsa mawu. "Pakhosi pochepa chonchi?"

"Mukanamunyamulako mukanadziwa. Miyezi sikisi, alamu! Tamuikani, tamuchotsani, tamuikani, tamuchotsani. Mwana wanu yemwe mumachita kumuona pasikelo ngati katundu wa eni?"

Anamukokera mwana pachifuwa. Kenako anati, "Ndinamunyamulapo kamodzi. Kuchipatala, tsiku lija. Munalipo."

Ndinalipo, koma ndinali nditaiwala, kapena ndinene kuti kwa ine inali nthabwala chabe. Namwino anawapatsa khanda lokulungidwa m'thaulo, iwo analandira ngati mmene amalandirira phukusi, manja onse pansi, ndipo kamutu kanagwera kumbuyo. Wodi yonse inakuwa. Ine ndinalumpha n'kuwalanda mwanayo.

"Munati manja anga ndi a makatoni," anatero. "Munati ndisadzayerekezenso, ndipha mwana. Azimayi onse aja anaseka. Ndipo aliyense wobwera kudzaona mwana kunoko mwakhala mukumufotokozera, mukuyerekeza mmene ndinagwirira."

Zinali zoona. Ndinkaichita bwino nthabwala imeneyo, ndi pilo, anthu mpaka kugwira nthiti. Iwonso ankaseka nawo, ataima pafupi ndi chitseko.

"Dona akalira ndikasuntha, inu mwafika kale. Mukapanda inu, mayi ake. Ndiye ndinati chabwino, manja angawa ndi oipa, koma pakampando paja pali malamba. Pamenepo sindingamugwetse." Anasisita msana wa Dona. "Chithunzi cha gulucho si kanthu, alamu. Ndinkangofuna kupita naye kwinakwake, ine ndi iye, popanda wondilanda."

Ulaliki wanga unathera pomwepo. Ndinachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu, oti ndinali ndisanawamvepo chikulire changa. Ndalera ana anayi, ndimadziwa nthawi ya tulo, ndimadziwa kulira kwa njala ndi kwa thewera, ndipo ndinali nditakhala miyezi isanu ndi umodzi m'nyumba ya munthu ndikumuseka kuti amakonda thumba la mchenga, osadzifunsa kuti ndani anamusiyira thumbalo.

Dona anadzinyogola, anageya, ndipo mkaka wa naini koloko unabwerera, wonse, n'kutsetsereka pamalaya ofiira atsopano mpaka pamimba. Manja anga anatuluka okha, asanandifunse. Ndinali nditawerama kale, "bweretsani kuno" ali pamlomo.

"Musiyeni, alamu," anatero a Makilo, osakweza mutu. "Mungondiuza ngati ndagwira bwino."

Sanagwire bwino. Chigongono chinali m'munsi kwambiri, mwendo umodzi wa mwana unali lende, dzuwa linali likumuwomba kuphazi, ndipo masanziwo ankafunika kupukuta asanalowe m'khosi. Zonsezo ndinaziona kamodzi n'kamodzi, ndipo zinandiyabwa mpaka m'zala.

"Mwagwira bwino," ndinatero.

Ndinawaponyera thaulo paphewa, ndinalowa kukhitchini, ndinatseka chitseko, n'kutsegula mpopi mwamphamvu kuti asandimve ndikumina.